Phokoso la mu Lekodi ya Achimwene Amidu

Ananu, makamaka iwe Idrisa amene unabwera Lachisanu lija ndi foni yako uku ukumwetulira ngati wandibweretsera ng'ombe, khalani pansi muwerenge izi. Ndalemba chifukwa tsiku lija ndinakalipa mpaka Halima anathawira kukhitchini, ndipo palibe amene anatola chimene ndinkanena. Ine ndikamalankhula, pakamwa pamathamanga kusiya mutu m'mbuyo. Dzanja ndiye limachedwa, ndiye mwina pano mundimva.

Unati, "Agogo, mverani. Nyimbo ya agogo Amidu ija anthu akunja aitulutsanso. Aiyeretsa, ikumveka ngati anajambula dzulo." Ndinamvera mpaka kumapeto. Banjo inali ya achimwene anga ndithu, mawu anali awo. Koma itatha ndinakufunsa kuti sitima ili kuti, tcheyamani ali kuti, ine ndili kuti, nanga kuseka kuja kwapita kuti. Iwe unandiyankha kuti, "Linali phokoso chabe limenelo, agogo, achotsa." Ndipo usanameze n'komwe malovu unapempha lekodi yanga ya m'bokosi ija kuti upite nayo ku Blantyre, mnzako wa makompyuta akaiyeretsenso.

Yankho langa ndi iyayi. Lekodi imeneyo siituluka m'nyumba muno. Koma popeza ndinu ana a sukulu ndipo simukhutira ndi iyayi wopanda chifukwa, ndikuuzani phokosolo kuti ndi la yani.

Ine sukulu sindinapite nayo patali. Aphunzitsi ena kwathu kwa Kalembo anandikwapula chifukwa chochedwa, pamene ndinali nditachokera kopirikitsa anyani m'munda wa amayi. Ndinawalanda ndodoyo, n'kuithyola pabondo, n'kuwapatsa zidutswa zonse ziwiri mwaulemu. Kuchoka apo sindinapondenso m'kalasi. Halima, usatengere zimenezo, iwe anyani sukuwadziwa n'komwe. Nditakula pang'ono ndinatsika wapansi kupita ku Balaka kukafuna ganyu, ndipo amene anandilandira ndi Che Bwanali, mwini tiyirumu pafupi ndi siteshoni ya sitima.

Che Bwanali anali atabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi zinthu zitatu: mwendo wotsimphina, galamafoni, ndi bokosi la malekodi a jazi. Galamafoni, inu ana a timawaya ta m'makutu, linali bokosi lopukusa ndi dzanja. Malekodi anali akuda, olemera, osachedwa kusweka ngati mbale yadothi. Munali malipenga a anthu akuda a ku Amereka, munali zitoliro za anyamata a m'misewu ya ku Joni. Mkuluyo malekodi anali matenda ake. Sitima ikatsitsa munthu wochokera kumigodi, asanamufunse za moyo ankayamba ndi, "Achimwene, m'sutikesimo muli chiyani cha malipenga?" Ankasinthanitsa ndi nkhuku, ndi jekete, tsiku lina anapereka mpando umene anakhalapo.

Ntchito yanga inali kupukusa galamafoniyo ndi kusintha singano. Apa ndi pamene ndinaphunzira chinthu chimene mnzako wa ku Blantyre uja sangakuuze. Singano yachitsulo imafuula bwino, koma imadya lekodi. Ukaimba kangapo umaona kafumbi kakuda pansonga pake, ndipo kafumbiko ndi nyimboyo ikutha. Che Bwanali sankalola chitsulo pa malekodi amene ankawakonda. Ankandituma kukathyola minga ya msangu, yofiirira yokhwima osati yobiriwira. Tinkaiumitsa m'kachitini pamwamba pa ng'anjo, n'kumainola m'mbali mwa bokosi la machesi. Munga umodzi, nyimbo imodzi. Munga umatha wokha, lekodi n'kutsala.

Vuto lake munga umaimba motsitsa. Makasitomala ankati, "Iwe Jafali, takweza chinthucho." Ine ndinkati, "Tsekani pakamwa, chikwera chokha." Wina wa ku njanji anandiponyera sikono kumaso chifukwa cha yankho limenelo, ine n'kumubwezera ndi ketulo, mwamwayi inali itazizira. Che Bwanali anandikoka khutu, koma munga sanachotse.

Madzulo anthu akachepa ankandikhazika pafupi ndi galamafoni. "Tamvera, mwana iwe. Awa anajambulira m'chipinda chachikulu, ukumva mawu akubwerera? Wa ng'omayo anamuika kutali, kukhomo. Apa wa lipenga wapuma mpweya. Apa wina waponda thabwa." Ine poyamba ndinkangomva nyimbo. Patapita nthawi ndinayamba kumva chipinda chonse ndi anthu ake, ngati ndasuzumira pawindo.

Tsono achimwene Amidu. Inu simunawaone, ndipo chithunzi chawo palibe. Anali akulu kwa ine, aatali, ofatsa moti nkhuku zinkawadyera m'mbale. Amayi ankati ukali wonse wa m'banja mwathu unadikira ine. Ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina, koma mtima wawo unali pa banjo imene anapanga okha ndi chitini cha mafuta ndi mawaya a mabuleki a njinga. Anali ndi anzawo, wina wa babatoni, chibanjo chachikulu chija cha mawu okhuthala chimene woimba amachikhalira, wina wa ng'oma. Nawonso ankati gulu lawo ndi jazi. Che Bwanali ankaseka kuti, "Jazi wa chitini," koma paukwati uliwonse kuyambira kwa Nsamala mpaka kutsidya la Shire ku Machinga, mkuluyo ankapezeka kutsogolo ndi mwendo wake wotsimphinawo.

Inali nthawi imene mbendera yathu inali itangokwera kumene. Tinavina nawo ufuluwo, musaganize kuti sitinavine. Koma posakhalitsa kunabwera makhadi a chipani, ndi achinyamata a malaya ofiira oima pachipata cha msika. Tcheyamani wa nthambi yathu anali munthu amene kale tinkagula naye usipa pamodzi. Atangopatsidwa mpando anayamba kuyenda ngati wameza mtengo. Akaitana msonkhano, msika unkatsekedwa, wodwala ankadzuka, ngakhale mtanda wa mandasi unkasiyidwa m'beseni.

Tsiku lina kunabwera mkulu wina wa ku Blantyre ndi galimoto, m'kati muli makina ojambulira mawu a matepi ozungulira. Anali kufunafuna magulu a banjo. Anayendayenda m'tauni akuomba m'manja m'zipinda zosiyanasiyana, anthu n'kumati wapenga. Pomaliza anasankha shedi yosungiramo thonje m'mbali mwa njanji, ati mabelo a thonje amameza mawu obwerera. Anapachika maikolofoni imodzi kudenga, achimwene pansi pake, wa babatoni pambali, wa ng'oma kutali kuseri kwa belo. Ndinakumbukira mawu a Che Bwanali, ndinati kani zimachitikadi chonchi. Ine anandiika pakhomo kuti pasalowe munthu, mbuzi kapena mwana.

Koyamba waya wa banjo unaduka. Kachiwiri mbuzi inalira kuseri kwa shedi. Mkulu uja anapukuta thukuta n'kunena kuti, "Anyamata, tepi yatsala ndi yomweyi. Chilichonse chichitike, musaime."

Anayamba bwino. Nyimboyo mukuidziwa, ya mkamwini amene analima munda wa apongozi mpaka anaiwala njira ya kwawo. Ili pakati, sitima ya ku Salima inaliza wezulo. Mkulu wa makina anatsinzina koma anakweza dzanja kuti pitirizani. Wezuloyo isanathe, ndinaona tcheyamani akubwera ndi anyamata ake.

"Tsekani zimenezo! Aliyense kumsonkhano."

Ndinatambasula manja pakhomo. Sindinaganize, ndikanaganiza mwina bwenzi mulibe nkhani yowerenga. Ndinati, "Iyayi bwana, ayambe amaliza kaye. Msonkhano suthawa."

Ndipo achimwene, ali pakati pa mzere, anaseka. Kuseka kwakufupi, kotulukira m'mphuno, ngati munthu amene watsamwa ndi tiyi. Zala sizinaime pabanjo. Anameza kusekako n'kupitiriza mpaka nyimbo inatha, tcheyamani ali chiimire pamaso panga, kukamwa kuli yasa.

Kumsonkhanoko tinapita, ndipo ndinalandira makofi anga kuseri kwa galimoto. Tinati zatha. Mkulu wa makina anapita ndi tepi yake, ndipo tinamva kuti malekodi amakawapangira kunja kwa dziko. Miyezi inadutsa, chimanga chinakololedwa, kunayamba kutentha kuja kwa ku Balaka kumene ngakhale abuluzi amafuna mthunzi. Ndiye tsiku lina bokosi linatsika m'sitima. Che Bwanali anatenga malekodi angapo. Ndinanola munga watsopano, ndinapukusa, tinakhala chete.

Zonse zinalimo. Wezulo ya sitima, mawu a tcheyamani, iyayi wanga, ndi kuseka kwa achimwene. Palibe anachotsa kanthu.

Che Bwanali anatembenukira kwa ine. Kenako anati, "Jafali, walowa m'chipinda."

Tiyirumu inayamba kudzaza kuposa kale. Ndipo taonani, anthu omwe aja ankati kweza tsopano ankakhala chete okha. Nyimbo ikamayandikira pamalo paja, makapu ankaima m'malere. Ikafika pa "msonkhano suthawa," aliyense ankayang'ana m'kapu mwake, mapewa okha akugwedezeka. Palibe ankaseka mokweza, achimwene ankatisekera tonse m'lekodimo. Mawuwo anatuluka panja. Mayi akaitanidwa ndi mwamuna wake ali pamtondo ankayankha chapansipansi kuti msonkhano suthawa. Inu mukuganiza kuti zikanatenga nthawi yaitali bwanji kuti zimupeze tcheyamani mwini wake?

Pa malekodi a achimwene aja, imodzi inapindika chifukwa wina anaisiya pafupi ndi uvuni wa masikono. Che Bwanali anali ndi njira yake yowongolera. Ankaiika pakati pa magalasi awiri a windo, n'kuisanjika padenga la malata la khitchini m'mawa dzuwa lisanakwiye. Ikangofunda pang'ono, umaitsitsa, n'kuiika pamthunzi ndi njerwa pamwamba. Ukachedwa, dzuwa limasungunula timizere ta nyimbo, lekodi n'kusanduka chivundikiro cha mphika. M'mawa umenewo ndinali nditangoikweza padenga, ndikutsika pa mgolo, pamene anyamata a malaya ofiira analowa.

Sanafunse zambiri. Anatulutsa bokosi lonse pakhonde n'kuyamba kuswa. Sanasankhe. Malekodi a achimwene, malipenga a ku Amereka, zitoliro za ku Joni, zonse zimene Che Bwanali anasonkhanitsa ndi mwendo wake umodzi, ankaziponda ndi nsapato. Che Bwanali anaima atagwira nsanamira. Galamafoni anaisiya chifukwa tcheyamani ankaibwereka pa zikondwerero.

Ine ndi achimwene anatitengera pabwalo la pafupi ndi msika, moyang'anana ndi tiyirumu, n'kutigwaditsa pamiyala. Banjo anaipondaponda pamaso pathu mpaka chitini chinaphwatalala. Anthu anaitanidwa kuti adzaonere. Tcheyamani ankayenda uku ndi uku akulankhula za ulemu ndi mwambo. Mawondo ankapsa, koma ine mutu wanga sunali pamenepo. Maso anga anali padenga la khitchini, pamene magalasi aja ankanyezimira, dzuwa likukwera.

"Iwe wa pakamwa, ukuyang'ana chiyani kumwambako? Ukupemphera?"

"Ndikuyang'ana dzuwa, bwana."

"Lakulakwira chiyani dzuwa?"

"Palibe, bwana. Nalonso silimva zonena anthu."

Anandimenya khofi lina pamenepo. Achimwene anandinong'oneza kuti, "Jafali, tseka pakamwa pakopo, ndakupempha." Ndinatseka. Ndinkaona m'maganizo timizere tija tikusungunuka, mawu a achimwene akuyenderera ngati phula.

Tsono pa tiyirumu paja panali mtsikana wina wokazinga mandasi, mdzukulu wa Che Bwanali, dzina lake Asiyatu. Ine ndi iye tinkakangana tsiku ndi tsiku. Ankanditcha Chiphaliwali, ine ndinkati mandasi ake ndi ogendera mbalame. Ndinamuona akutuluka m'khitchini ndi mkeka ndi dengu la makaka, chinangwa chouma chija. Anakwera pa mgolo mosafulumira, anayala mkeka pamwamba penipeni pa magalasi aja, n'kuyamba kuyanika makaka ake.

Mnyamata wina wa malaya ofiira anamufuulira kuti, "Iwe, ukutani pamenepo anthu ali pamsonkhano?"

Iye osatembenuka n'komwe anati, "Ndikuyanika makaka a ambuye. Kapena nawonso aukira boma?"

Anthu anayang'ananso pansi, mapewa akugwedezeka. Mtsikana ameneyo ndi agogo anu aakazi, Mulungu awapatse malo abwino. Mumawadziwa ngati mayi wofatsa wa tasibihi, mikanda yopempherera ija, m'manja. Simunawaone ali pa mgolo.

Anatimasula dzuwa litapendeka. Lekodi ija Asiyatu anali ataitsitsa kale m'dengu, pansi pa makaka. Inawongoka, koma dzuwa linali litalumako kale. Mukadzaimva, chakumayambiriro banjo imapepesuka pang'ono ngati munthu woyenda pa mlatho wa mitengo. Pamenepo ndi pamene mkeka unachedwa.

Achimwene sanaimbenso. Sikuti anawaletsa ndi kalata iyayi, koma panalibe mwini ukwati amene akanalimba mtima kuwaitana, ndipo ngakhale osoketsa zovala anayamba kudutsa patali. Mvula isanagwe analembetsa za kumigodi. Ndinawaperekeza pa siteshoni, nditawanyamulira sutikesi. Pokweza ndinamva kuti m'kati muli chinthu chokulungidwa m'bulangete. Ndinafunsa, iwo anati, "Zanga." Sitima ili pafupi kunyamuka anandigwira phewa.

"Ukudziwa chimene ndinasekera tsiku lija? Munthu uja chimupatsireni mpando ndinali ndisanamvepo wina akumuuza kuti iyayi. Nkhope yake, Jafali. Ukanaiona mmene ndinaionera ine."

Anasekanso kachiwiri, chimodzimodzi, cha m'mphuno. Sindinawaonenso. Uthenga unkabwera zaka zoyambirira, kenako zii. Manda awo sitikuwadziwa. Sadaka tinachita popanda mtembo.

Pali ena m'banja mwathu amene ananena kuti pakamwa panga ndi pamene panathamangitsa achimwene. Ndinawayankha nthawi imeneyo, ndipo ndikubwereza pano kuti inunso mumve: amene anaponda banjo ndi amene anawathamangitsa. Ine ndinangopempha kuti nyimbo ithe. Atandibwezera pakhomo paja lero, ndi ndodo yangayi, ndikhoza kutambasulanso manja.

Che Bwanali sanasonkhanitsenso malekodi. Pomwalira anandisiyira galamafoni, mdzukulu wake ndinali nditamutenga kale. Zaka zonse zimene makoma anali ndi makutu, lekodi ija inkagona pansi pa bokosi la zovala za agogo anu. Tikaifuna tinkatseka chitseko ndi mawindo, ine n'kunola munga. Munga uja makasitomala ankaudandaula kuti ndi wotsitsa ndi umene unatisunga, chifukwa mawu ake sankadutsa khoma. Bambo ako, Idrisa, anakula akuimva atakhala pamiyendo ya amayi awo, atauzidwa kuti akakaiimba kusukulu adzaona chimene chinachitikira ndodo ya aphunzitsi anga. Kunabwera mawailesi a mabatire, kunabwera makaseti, anthu anataya magalamafoni awo kudzala. Ine sipuling'i ya galamafoni yanga itaduka ndinapita nayo kwa wokonza njinga, tinalimbana nayo mpaka inagwira. Chitsulo sichinakhudzepo lekodi imeneyo chiyambire.

Tsopano tamvera, Idrisa. Lachisanu lija, ndisanayambe kukalipa, unawerenga pafoni pako kuti anthu akunjawo lekodi yawo anaipeza pa zinthu zakale zogulitsa ku Joni, ndipo sakudziwa kuti oimbawo anali ndani. Iwe unawerenga mothamanga ngati nkhani ya mpira. Ine ndinamva bulangete lija. Sindingalumbire, malekodi ena anagulidwa ndi anthu apaulendo. Koma mtima wanga ukuti m'bulangetemo munali lekodi, achimwene anafika nayo yosasweka, ndipo anaisunga. Imeneyo ndi nkhani yoyamba ya iwo imene ndalandira kuchokera pamene tsitsi langa linali lakuda.

Ndiye anthu aja anaitenga, n'kumva sitima, n'kumva amuna awiri akukangana m'chilankhulo chimene sachidziwa, n'kumva woimba akutsamwa, anati tichotse tiyeretse. Sindikuti anali ndi mtima woipa. Banjo aimveketsa bwino, zimenezo ndavomera. Koma adula malo onse aja n'kulumikiza mwaluso moti sungadziwe kuti panali kanthu. Chimene tcheyamani analephera ndi nsapato, iwo achita ndi ulemu wonse. Nyimbo yawoyo ilibe shedi ya thonje, ilibe Balaka, ndipo munthu woimbayo sanasekepo chibadwire. Ine ameneyo sindikumudziwa.

Ndiye ukufuna nditenge imodzi yokhayo imene yatsala ndi kuseka kwa achimwene, ndiikweze minibasi, idutse mabampu onse a mseu wa ku Zalewa, ikafike kwa mnyamata amene adzaiyang'ana pa kompyuta n'kuona phokoso. Iyayi, mdzukulu wanga. Ndimakukonda, koma iyayi.

Chimene ndingalole ndi ichi. Foni yakoyo imajambula mawu, ndinakuona ukujambula Halima akuimba kubafa. Ubwere nayo kuno tikachoka kumzikiti ku swala ya Ijumaa. Uiike patebulo pafupi ndi galamafoni, ine ndipukusa. Ijambule zonse: kukanda kwa munga, kupepesuka kwa dzuwa, sitima, tcheyamani, ine, achimwene. Tambala akalira panja, alowe nayenso. Ukatero uwatumizire anthu akunja aja, uwauze kuti woimbayo dzina lake ndi Amidu wa kwa Kalembo, telala, ndipo wa pakhomoyo akadali moyo ndipo sanasinthe maganizo. Akafuna kuitulutsanso aitulutse mmene ilili. Akakana, asiye, ife tili nayo.

Halima, iwe upite ku msangu uja wa kuseri kwa mzikiti ukathyole minga. Yofiirira, osati yobiriwira, ndipo usabwere ndi umodzi wokha ngati ukutola ndalama. Ndikuphunzitsa kunola, chifukwa manja angawa ayamba kunjenjemera ndipo sindifuna kuti tsiku lina wina adzaikepo chitsulo poti agogo kulibe.

Ndipo nonsenu, sitima ikangolira m'lekodimo, mafoni pansi, pakamwa potseka. Achimwene amaseka kamodzi kokha, ndipo saseka mokweza.